Ku Joni ndine mwana wa sukulu, kumudzi ndine wa theba

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mnyamata wina wa ku Zomba, dzina sinditchula. Anamaliza ku Chanco, wapeza malo a Masters kuno ku Johannesburg koma sikolashipi alibe, bambo ake akuganiza zogulitsa puloti kuti apeze fizi, malume ake a ku Rosettenville ati adzamusunga, ndipo mayi ake amuuziratu kuti akafika azikatumizako kangachepe ka fizi ya mlongo wake. Ndiye akufunsa kuti achimwene inu mwatha chaka kumeneko, ndibwere? Zimatheka kuphunzira uku ukutumiza kunyumba?

Achimwene, imelo yanuyi ndaiwerenga katatu, kachiwiri ndinali mu takisi mpaka ndinapitirira potsikira. Liwu limodzi lokha ndi limene linandigwira, "kangachepe". Ndi lomwelo limene mayi anga anandiuza mu Januwale pa Wenela, chikwama changa atachiponya kale mu thirela, iwo atandigwira dzanja ngati mwana wa sitandade 1, akuti mwanawe ukakhazikika usatiiwale, kangachepe kokha. Ine ndinati chabwino amayi. Ndinayankha mopepuka ngati andituma mchere pa okala. "Chabwino" ameneyo wandidya chaka chonse cha 2023.

Paja ambiri amangoti pa Wenela pa Wenela osadziwa kuti dzinalo linachokera kuti. Ndi chidule cha Witwatersrand Native Labour Association, bungwe limene linkalemba anthu ntchito yokakumba golide m'migodi ya kuno, limene pambuyo pake linadzatchedwa TEBA, theba ija azigogo athu amaitchula. Agogo anga aamuna anapitako kawiri. Anabwerako ndi njinga, sutikesi yachitsulo imene mpaka lero ili pansi pa bedi la amayi, jasi lolemera ngati thumba la chimanga, ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka kumanda. Mu 1974 ndege yonyamula anthu ochokera ku migodi inagwa ku Francistown ku Botswana, Amalawi opitirira 70 anafera pomwepo, Kamuzu n'kuimitsa zolemba anthu zija. Ndipo Kamuzu yemweyo ali mnyamata anagwirako ntchito pa mgodi cha konkuno asanapite ku America mu 1925. Ndikunena izi kuti mumvetse kuti msewu umene mukufuna kuyendawu anthu akwathu auyenda zaka zoposa 100 ndipo m'mitu mwawo uli ndi tanthauzo limodzi, wopita ku Joni wapita kukatenga ndalama. Palibe kabokosi m'mutu mwa azakhali anu kolembedwa kuti "anapita ku Joni ndi mabuku". Kulibe. Mukhoza kuwafotokozera mpaka kukhosi kuuma, adzagwedeza mutu n'kuti eya eya sukulu, kenako nanga marandi afika liti.

Ulendo wokhawo ndi sukulu pawokha. Mwanza, Zobue, kutentha kwa ku Tete koti madzi a m'botolo amasanduka tiyi, Nyamapanda, Harare tinadutsa usiku, kenako Beitbridge pamene unyinji wa maola umathera pa mzere, Musina, ndiye msewu wosalala uja mpaka Park Station. Maola opitirira 30. Ndinatsika mapazi atatupa nsapato osalowa, msuweni wanga atandidikira kuyambira m'mawa, anachita kupempha tchuthi kwa bwana wake.

Ndiye za malume anuwo. Ine sindikuwadziwa, mwina ali ndi nyumba ya zipinda zisanu. Koma msuweni wangayu nayenso pa foni ankati "malo alipo ambiri aise, ingobwera", ndipo sankanama, mumtima mwake malo analipodi. Panyumba ndiye panali chipinda chimodzi cha kuseri kwa nyumba ya eni ake cha ku Mayfair, iye, mkazi wake, khanda, ndi ine kuseri kwa kansalu pa matilesi opinda m'mawa. Iye amagwira ntchito mu shopu, amadzuka 5 koloko, pofika 9 koloko usiku watheratu akufuna nyali izime. Ine nthawi imeneyo ndi imene mutu wanga umatseguka. Ndinkawerenga pa foni nditafunda bulangete kumutu ngati mwana wa bodingi. Magetsi ndi ogula mayunitsi, ndiye ketulo iliyonse imene ndawiritsa ndinkaiona ikudutsa pankhope pa alamu anga, iwo osanena kanthu, ulemu wonse, "alamu mwadya?" tsiku ndi tsiku. Palibe anandithamangitsa. Koma mlendo ndi mame achimwene, dzuwa likakwera sayenera kupezekabe pa udzu. Patatha masabata asanu ndi limodzi ndinasamuka, ndinakapeza bedi m'chipinda cha anthu awiri kufupi ndi sukulu, ndalama imene sinali mu bajeti yanga ngakhale pang'ono chifukwa bajeti yanga yonse inatsamira pa mawu aja oti malo alipo.

Sukulu yanga sinditchula, pali Wits ku Braamfontein, pali UJ ku Auckland Park ndi kwina, ganizani nokha. Za m'kalasi zokhazo ndinene zoona ndi zabwino. Laibulale yoti buku ukalifuna umalipeza, intaneti yosachita kukwera pachulu, aphunzitsi oti ukawalembera amayankha. Chimene chinandiseketsa n'choti ndinkati kuzimazima kwa magetsi ndakusiya kwathu, kufika kuno ndinapeza kuli mkulu wake, mu 2023 kunali masiku oti magetsi azima kawiri katatu, maola okwana 8 kapena kuposa, kungoti kuno ankakuuziratu nthawi pa foni ndipo vutolo analipatsa dzina lachizungu loti loadshedding ndi ma stage ake. Anzanga a m'kalasi akudandaula ngati dziko latha, ine ndikuti ana inu, ine digiri yoyamba ndinaiwerengera pa kandulo.

Kenako Malichi.

Kwathu ndi mbali ya ku Soche. Namondwe Freddy atafika ndinali mu laibulale, ndinayamba kuona mavidiyo pa Facebook, matope akutsika m'phiri ndi miyala yaikulu ngati minibasi, Chilobwe yense ali m'matope, malo oti ndimawadziwa, njira zoti ndinkadutsa popita ku tchalitchi. Kuimba foni ya amayi osalowa. Ya mlongo wanga osalowa. Masiku awiri athunthu. Ndinkapita m'kalasi n'kukhala pansi n'kumayang'ana pakamwa pa mphunzitsi osamva kanthu, wina n'kundifunsa kuti wa ku Malawi iwe, kwanu kuli bwanji, ine n'kuti kuli bwino, chifukwa ukayamba kufotokoza ulira pamaso pa anthu oti mawa lake mukhalanso limodzi. Anthu opitirira 1,000 anamwalira m'dziko muja. Akwathu anapulumuka onse, Mulungu yekha, koma khoma limodzi la nyumba linagwa, khitchini ndi chimbudzi zinapita ndi madzi. Foni italowa ndinathamangira ku Mukuru ndi ndalama ya lendi ya mwezi wotsatira, yonse. Zimenezo sindidandaula nazo, zitachitikanso mawa ndingachitenso chimodzimodzi.

Koma mbiri inayenda kuti mpopi watseguka. Sindikudziwa anayamba ndani. Azakhali a ku Lunzu, feteleza. Msuweni wina woti tinaonana komaliza pa maliro mu 2016, mpamba wa geni. Mnzanga wa ku sekondale, "bho amwene? ndili ndi kavuto pang'ono", ndipo mukudziwa kuti "bho" wa munthu amene sanakulembereni zaka zinayi amathera kuti. A ku mpingo ananditumizira chithunzi cha pepala la chitukuko dzina langa atalilemba kale m'gulu la "akunja", pamodzi ndi dokotala wina wa ku UK. Ine wodya buledi ndi tiyi wopanda mkaka, mzere umodzi ndi dokotala! Ndipo chopusa changa n'choti ndinasangalala pang'ono. Apa ndiye ndikufuna mundimvetsere bwino chifukwa n'zosavuta kunyoza achibale kuti ndi opemphetsa. Ine ndinkakonda kutchedwa wakunja. Ndinkakonda meseji ija yoti "zafika, Mulungu akudalitse mwana wanga". R200 apa, R300 apo, ndikugula ulemu ndi ndalama ya chakudya changa.

Ndiye ndinayamba maganyu. Viza ya sukulu imalola kugwira ntchito maola 20 pa sabata, ndinapeza yothandiza ana a chaka choyamba ndi kuchonga mapepala awo, ndipo Loweruka ndi Lamlungu ndinkatsuka mbale pa lesitilanti ina, kuimirira mpaka msana kuchita ngati si wako. Pa pepala maola 20 amaoneka ochepa. Onjezani ulendo wa takisi, kutopa kwa mawa lake, ndi mutu woti ukatsegula buku ukuwerengera marandi m'malo mwa ndime. Mapanga awiri avumbwitsa, ine ndinali ndi atatu. Pulopozo yanga ya kafukufuku inabwerako itafiira ngati yaphedwerapo nkhuku. Supavaiza wanga, mayi wachikulire wosakonda zolankhula zambiri, anandiyang'ana kanthawi n'kundifunsa funso limodzi lokha, kodi umagona? Phunziro lina ndinapeza 52, kuno kukhoza ndi 50, ndiye mukuona pamene ndinadutsira. Ine amene ku koleji kwathu anthu ankabwereka manotsi anga.

Juni ndi Julayi kuno kumazizira zoti chiperoni cha ku Blantyre ndi masewera. Mzindawu uli pamwamba, mamita pafupifupi 1,750, mphepo yake ndi youma yong'amba milomo, ndipo nyumba zake anamanga ngati kuzizira kulibe. Pa 10 Julayi, Lolemba m'mawa, kunagwa chipale chofewa chija timangochimva m'Baibulo, koyamba kugwa mu Johannesburg kuchokera mu 2012. Anthu akuluakulu ndi mataye awo anatuluka m'maofesi kukatambasula manja ngati ana. Ine ndinajambulitsa chithunzi, jekete yobwereka ya mnzanga wogona naye chipinda, kumbuyo nyumba zitalizitali, ndikumwetulira mano onse panja, n'kuponya pa Facebook. Tsiku limenelo m'thumba munali R37 ndipo mwezi unali usanafike ndi pakati pomwe. Pofika madzulo ma meseji anayi, atatu opempha, imodzi ya azakhali yoti "mukunenepatu kumeneko".

Ndiye ndinene mosapsatira, anthu amene timanamiza akumudzi ndi ifeyo. Ife tili kunoko. Palibe amajambula matilesi ake a kuseri kwa kansalu. Tonse timapita ku Sandton kukaima pafupi ndi chiboliboli cha Mandela chija, titavala zobwereka, n'kubwerako pa takisi titasunga ndalama yeniyeni ya thiransipoti mu sokosi. Kenako tizidandaula kuti akumudzi satimvetsa. Akumvetsa bwanji? Awona zimene tawaonetsa. Ndipo inu achimwene ndikukhulupirira kuti gawo lina la mtima wanu wofuna kubwera kuno linamangidwa ndi zithunzi ngati changa chija, pepani.

Patangotha sabata ndi masiku awiri msewu wa Bree, umene pano amautcha Lilian Ngoyi, unaphulika madzulo anthu akuweruka, tala kung'ambika pakati, matakisi kugudubuzika, akuti unali mpweya wa pansi pa msewu. Ndinali nditadutsapo masana ake. Koma chimene sichindichoka ndi cha pa 31 Ogasiti, moto wa ku Marshalltown. Nyumba ya nsanjika zisanu yosiyidwa, anthu anagawagawa mkati ndi mabolodi ndi malata kukhala timisasa, moto unabuka usiku, geti lotsekedwa, ena kudumpha pa mawindo. Anafa anthu opitirira 70, ana omwe, ndipo Amalawi analimo ambiri. Msuweni wanga uja anandiimbira mbandakucha kuti pali mnyamata wa kumudzi kwa mkazi wake amene ankagona mmenemo, foni yake sikulowa, ndimuperekeze poti ine Chingerezi chimayenda. Tinazungulira zipatala tsiku lonse. Tinamupeza wamoyo, mwendo wothyoka, mapepala onse apsa, ndipo chinthu choyamba chimene anadandaula si mwendo, anati ndalama imene amati atumize kumudzi pa 1 yapsera m'pilo.

Ndinabwerera kuchipinda kwanga usiku umenewo ndili chete. Chifukwa uyu ndi munthu amene kumudzi amatiyerekeza naye. "Mwana wa a uje sanafike ndi folomu 2 yomwe koma wamangira mayi ake nyumba ya malata, inu a digiri muli pati?" Eya wamanga. Wamanga chifukwa amagona malo oti lendi yake ndi yochepetsetsa, anthu asanu m'kachipinda, kudya kamodzi, kugwira ntchito masiku onse a sabata m'munda mwa azungu kapena mu shopu, osapita kuchipatala akadwala. Malata amene mukuwaona akuwala kumudzi aja mtengo wake ndi umenewo. Ine ndimawavulira chipewa anthu amenewa, ndi amene akusunga midzi yambiri ya ku Mangochi, Mzimba, Nkhata Bay, kuposa mabungwe ena amagalimoto akuluakulu aja. Koma mwana wa sukulu sangapikisane nawo ndipo asayerekeze. Iwo anabwera kudzagulitsa nthawi yawo. Inu nthawi yanuyo mwaigula ndi puloti ya bambo anu, ndiye muigulitsenso pa mtengo wa otsuka mbale? Masamu ake sakugwira. Ine ndinachita ndipo ndikukuuzani kuti ndi uchitsiru, ngakhale uchitsiru wake wovala malaya a chikondi.

Mwina mukudikira kuti ndinene za nkhanza zochitira alendo, poti aliyense amafunsa zimenezo. Zilipo, si nthano. Mu Meyi 2008 zinayambira ku Alexandra anthu 62 anaphedwa, mu 2015 boma la Malawi linachita kutumiza mabasi kudzatenga anthu ake, ndipo pano kuli gulu la Operation Dudula limene nkhani yake ndi yomweyo yoti alendo azipita. Ine chaka chonsechi palibe wandimenya. Liwu lija loti kwerekwere ndalimva kawiri kulunjika ine. Chimene chimatopetsa ndi chaching'ono cha tsiku ndi tsiku, kukhala chete mu takisi foni ikulira chifukwa ukayankha Chichewa mitu itembenuka, kuopa mpando wakutsogolo chifukwa wokhala pamenepo ndi amene amawerengera dalaivala ndalama ndi kubweza chenje, kuno kulibe kondakitala, ndiye anthu akukuponyera ndalama kuchokera kumbuyo akulankhula Chizulu chothamanga iwe thukuta kamukamu. Ndipo kakhadi ka sukulu kamakuteteza mwina mwake, ukakatulutsa nkhope za anthu zimasintha, zimene zimandichititsa manyazi ndikaganiza za msuweni wanga amene alibe kakhadi. Komanso anthu abwino alipo ambiri zedi. Mnzanga wa m'kalasi wa ku Soweto ananditengera kwawo pa Pasaka, agogo ake anandidyetsa mpaka kupempha chifundo, tinakhala usiku tikuseka kuti iwo amati inyama, imvula, imbuzi, ife nyama, mvula, mbuzi, agogowo n'kuti ndiye ukwerekwere wako uli pati mwana iwe. Kungoti zoti pap ndi nsima n'chimodzimodzi ndinakana pamaso pawo ndipo ndikukanabe. Ufa wa m'mashopu, Iwisa kaya White Star, umaphikika inde, koma ulibe kafungo kaja ka mphale yoviika. Ndiwo zakwathu ukazifuna umapita ku msika wa ku Yeoville kapena kudikira munthu wochokera kumudzi, ndipo kambale ka usipa koti ku Limbe sungakayang'ane kawiri kuno umakanyamula ngati mankhwala.

Ndasochera, ndibwerere.

Okutobala majakaranda anachita maluwa misewu yonse kukhala yofiirira, ndipo ana a sukulu kuno ali ndi mwambi wawo woti ukaona jakaranda wamasula usanayambe kuwerenga ndiye kuti wachedwa kale. Ine anandipeza ndikutsuka mbale. Pa 28 dziko lonse linapenga Springboks itawina New Zealand 12 kwa 11, mahutala usiku wonse, ine ndikuyesa kuloweza. Kenako Novembala, pakati pa mayeso, kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola kuchoka cha pa K1,180 kufika cha pa K1,700 usiku umodzi. Kwa amene amalandira marandi inali nkhani yokoma pang'ono. Kwa ine amene fizi yotsala inkachokera kwathu, kwa achimwene anga aakulu amene anatenga ngongole ku ntchito kwawo, ndalama imene timati yakwana inangosungunuka ili mu akaunti, ndipo paja kuti banki ikupatse ndalama zakunja chaka chimenecho kunali kudikira kosaneneka. Mbali inayi shuga ndi sopo zakwera kumudzi, ndiye mafoni opempha anachuluka nthawi yomweyo imene ine ndinali pa ziro.

Linali Lachitatu usiku, magetsi atazima, nditakhala pa masitepe chifukwa mnzanga wagona. Amayi anaimba za fizi ya mlongo wanga, teremu ikubwerayi. Ndinayamba mwachizolowezi, ndiona amayi, kumapeto kwa mwezi, kenako pakamwa panangotuluka zina. Ndinati amayi ndilibe. Ndilibe lero, sindikhala nazo kumapeto kwa mwezi, ndipo zonse ndakhala ndikutumiza zija zinali za lendi ndi chakudya changa, ndili ndi ngongole kwa anthu atatu, sukulu ndatsala pang'ono kulephera.

Mukuganiza kuti anati pepa mwana wanga? Ayi ndithu. Anakalipa. Anati nanga pa Wenela paja unavomera chifukwa chiyani? Iwo nthawi yonseyi ankaganiza kuti sukulu imandilipira, ngati mmene kale ana a ku yunivesite ankalandirira alawansi ya boma, ndipo poona zithunzi zanga analibe chifukwa chokayikira. Choipitsitsa, anali atatenga ndalama ku banki m'khonde yokonzera khoma lija atauza amayi anzawo kuti mwana wanga wa ku Joni abweza mu Disembala. Anakongola pa dzina la "chabwino" wanga uja. Anati wandichititsa manyazi pagulu, ukanandiuza mu Januwale ndikanadziwa poima. Anadula foni. Sabata yathunthu osandiyankha.

Ndipo anali ndi zoona. Ndinkadziona ngati mwana wabwino wodzipereka, koma ndinali munthu wonamiza mayi ake mwezi ndi mwezi ndi ma R500. Ngongole ya banki m'khonde ija tikubweza pang'onopang'ono ine ndi achimwene anga, chiwongoladzanja chake musafunse. Amayi tinayambanso kulankhulana, sanapepese ndipo sindikuyembekeza kuti apepese, koma masabata awiri apitawo wa thiransipota wina anandiimbira kuti ndikatenge katundu ku Park Station, kathumba ka ufa woyera, usipa wokulunga m'nyuzipepala, ndi mtedza. Munalibe kalata.

Za mapepala

Chabwino, munafunsa zenizeni, ndinene mwachangu. Viza ya sukulu mukafunsire muli konko ku Malawi, musabwere ndi masiku 30 amene amatidindira pa boda aja n'kumati mukasinthira kuno, sizitheka. Mudzafunika kalata ya sukulu, police clearance, umboni wa ndalama, ndi medical aid, inshuwalansi ya zachipatala, yolembetsedwa kuno ku South Africa, ya kwathu salola, ndipo ndi ndalama yambiri imene anthu amaiwala mu bajeti. Digiri yanu ya ku Chanco idutse ku SAQA, bungwe la kuno lounika madigiri akunja, yambani msanga zimachedwa. Ife a mayiko a SADC fizi ya maphunziro timalipira ngati eni dziko chifukwa cha pangano limene linasainidwa mu 1997, ku Blantyre komweko, koma pamakhala kandalama kena koonjezera ka alendo, ndipo masukulu ambiri amafuna gawo lalikulu la fizi musanalembetse n'komwe. Viza muziikonzanso kutatsala masiku 60, ikakutherani muli kuno mudzaletsedwa kulowanso.

Za puloti

Musagulitse. Apa sindikambirana nanu. Puloti ilipira chaka chimodzi, Masters ya kafukufuku kawirikawiri imadya ziwiri, ndipo kwacha imene mugulitsire lero simukudziwa kuti pofika Juni idzakhala chiyani, ine ndaona ndi maso. Lemberani sukuluyo muwafunse ngati angakusungireni malo chaka chamawa, nthawi imeneyo musake sikolashipi, funsani ku dipatimenti komweko za ndalama za kafukufuku ndi ntchito yothandiza aphunzitsi, zambiri sazilengeza, zimapita kwa amene wafunsa. Malume anu muwaimbire pa vidiyo akuonetseni pogona penipenipo, ndipo mugwirizane tsiku lotulukapo musanalowe.

Koma choyamba pa zonsezi, mayi anu. Musachite pa foni, musachite pa depoti basi italiza kale injini. Khalani nawo pansi pa mkeka, bambo anu alipo, mlongo wanu yemwe amve, munene ndi pakamwa panu kuti zaka ziwiri zikubwerazi sinditumiza kalikonse, ngakhale K1,000, fizi ya mlongo wanga tiipezere njira ina panopa ndisanakwere basi. Adzakhumudwa. Mwina adzakutchulani wodzikonda, mwina azakhali adzamva pofika madzulo. Kukhumudwa kumeneko n'kotchipa kuyerekeza ndi kwa Novembala kwanga kuja. Akakana kumva, ndiye kuti yankho la funso lanu loyamba lija mwalipeza, musabwere kaye.

Ine Khirisimasi ino sindipita kwathu, tikiti ya basi mu Disembala imakwera mtengo ndipo munthu wochokera ku Joni satsika pa Wenela chimanjamanja, ana a aneba amathamangira chikwama asanakupatse moni. Nditsala konkuno, mzinda ukakhuthuka anthu atapita kumakwawo laibulale imakhala zii, pulopozo ija ndailembanso ndipo supavaiza ulendo uno anangofiiritsa masamba awiri okha. Mukaganiza zobwerabe mundilembere tsiku, ndidzakuchingamirani pa Park Station, musadzatulutse foni panja pa geti mukundiyang'ana, ndidzakupezani ndine. Mudzanditengereko tsabola wa kambuzi, wa kuno sawawa.